Nkhongo yokhuthala ndi tsitsi lothothoka: kusankha pakati pa kusintha kametedwe, mankhwala, jakisoni, laser ndi opaleshoni

Nthendayi imayamba ndi tiziphuphu tolimba, toyabwa, m'malire a tsitsi ndi khosi kunkhongo. Mwini wake satiwona, amangotimva ndi chala, ndipo nthawi zambiri womuuza ndi wometa. Pakapita miyezi kapena zaka tiziphuphuto timalumikizana, khungu limakhuthala n'kusalala, tsitsi limaleka kumera, ndipo m'mbali mwake mumatuluka timitolo ta tsitsi angapo pabowo limodzi ngati mswachi. Kuchipatala amaitcha acne keloidalis nuchae, mwachidule AKN. Moritz Kaposi wa ku Vienna anaifotokoza mu 1869, ndipo dzina la acne keloidalis linadza ndi Bazin wa ku France mu 1872. Dzinalo limasokeretsa, chifukwa nthendayi si ziphuphu wamba za kumaso, komanso si keloid yeniyeni, chipsera chotupa chija chimene chimamera pakhutu loboola. Ndi kutupa kwa mizu ya tsitsi kumene kumathera m'chipsera.

Imakonda amuna a tsitsi lopotana, kuyambira pamene atha msinkhu mpaka zaka za m'ma 40. Pa kafukufuku amene Nonhlanhla Khumalo ndi anzake anafalitsa mu 2007, wa anthu akuluakulu a ku Langa mumzinda wa Cape Town, amuna 10.5 pa 100 alionse anali nayo, pamene akazi sanafike ngakhale mmodzi pa 100. Zoyambitsa zimakumana zingapo: kumeta mofika pakhungu, kukhulana ndi kolala kapena chisoti, mahomoni achimuna, ndi mabakiteriya amene amalowa pakhungu losupuka. Muzu ukatupa, kathumba kake kamang'ambika, tsitsi limagwera mkati mwa khungu, thupi limalitenga ngati munga n'kulikuta ndi chipsera. Chipseracho chimapana mizu yoyandikana nayo, nayonso imang'ambika, ndipo nthenda imafalikira motero.

Mfundo yofunika kuigwira musanawononge ndalama ndi iyi: muzu umene wasanduka chipsera suukanso. Palibe mafuta, kaya a nsatsi kaya minoxidil (mankhwala omeretsa tsitsi), amene angameretse tsitsi pakhungu losalala lija. Njira zonse zili m'munsizi zimachita chimodzi mwa zitatu: kuzimitsa kutupa, kuphwetsa chotupa, kapena kuchichotsa.

Tsimikizani kaye kuti ndi nthenda imeneyi

Khungu lokhuthala pamutu kapena pakhosi lili ndi magwero ena, ndipo mankhwala a AKN angawononge pamene nthendayo ndi ina. Chipere chikakula chimatupa, chimatuluka mafinya ndi kuthothola tsitsi, makamaka kwa ana. Chimafuna mapiritsi a griseofulvin kapena terbinafine, ndipo kirimu wa steroid (mankhwala ozimitsa kutupa) amachikulitsa. Zotupa zofewa paliwombo ndi kunkhongo, zolumikizana pansi pa khungu moti mukadina apa mafinya amatulukira apo, ndi dissecting cellulitis. Chigamba chokhakhala, chakuda, choyabwa kwambiri pakhosi chimene chabwera chifukwa cha kukanda kosalekeza, chofala kwa amayi, ndi lichen simplex, ndipo pamenepo tsitsi limangothyoka, likhoza kumeranso. Mapindi akuluakulu a khungu la mutu ooneka ngati mizere ya m'munda ndi cutis verticis gyrata. Akabwera limodzi ndi kukula kwa manja, mapazi ndi chibwano, ayenera kuyezetsa mahomoni. Chilonda chimene chakhala zaka chosapola, chotuluka magazi msanga, chiyenera kudulidwa kanyama kokapima khansa.

Zoyang'ana posankha

Choyamba ndi pamene nthenda yafika. Pali magawo atatu: tiziphuphu tapatalipatali tosaposa njere ya mapira kapena nyemba, chigamba cholumikizana chophwatalala, ndi chotupa chachikulu chotundumuka, nthawi zina chokhala ndi timabowo totuluka mafinya onunkha. Chachiwiri, onani ngati ikadali yamoyo, ndiko kunena kuyabwa, kupweteka, mafinya ndi tiziphuphu tatsopano, kapena yazirala n'kungosiya chipsera. Chachitatu ndi mtengo wonse, osati wa ulendo umodzi: thiransipoti, masiku ojomba kuntchito ndi zomangira bala zimaposa mtengo wa mankhwala nthawi zambiri. Chachinayi ndi mtunda wa kumene thandizolo lili, chifukwa njira yofuna maulendo 6 ilibe phindu kwa amene angakwanitse awiri. Chachisanu ndi thupi lanu: shuga, BP, ma ARV, mimba, kusuta. Chomaliza ndi chimene mukufuna kwenikweni, kaya kuleka kuyabwa, kaya kuti kolala isadetsedwe ndi magazi, kaya maonekedwe. Zolinga zimenezi sizitsogolera ku njira imodzi.

Njira 1: Kusintha kametedwe ndi kasambidwe

Iyi ndi maziko a zina zonse. Lekani mpala, ndipo lekani lezala kapena makina opanda kachipeso kunkhongo, kuphatikizapo kudula mzere wa m'mbali kuja kumene ometa amamalizira nako. Kachipeso ka nambala 1 kamasiya mamilimita 3 ndipo ka nambala 2 kamasiya 6. Pamene pali tiziphuphu, nambala 2 kapena sizasi ndiyo yabwino, ndipo makina asakhule potupapo. Kolala yolimba, unyolo wa m'khosi ndi chipewa chothina kumbuyo zichoke. Amene sangasiye chisoti, monga a kabaza wa njinga zamoto ndi ogwira ntchito zomanga, avale kansalu ka thonje kofewa mkati ndi kukachapa tsiku lililonse. Chisoti chisasiyidwe, chifukwa mutu ndi wofunika kuposa nkhongo.

Sambani pamalopo kamodzi patsiku ndi chlorhexidine wa 4% kapena benzoyl peroxide wa 5%, mumusiye mphindi 2 mpaka 5 kenako mutsuke. Mafuta olemera a tsitsi asafike kunkhongo.

*Mtengo:* Wotsika kuposa njira zonse. Chodula ndi kugula makina anuanu, koma ndi ndalama yotuluka kamodzi.

*Kupezeka:* Paliponse. Chlorhexidine amapezeka m'mafamase ambiri. Benzoyl peroxide amafuna mafamase a m'tauni.

*Kusamalira:* Moyo wonse. Kubwerera ku mpala kawiri kapena katatu kumakwanira kudzutsa nthenda imene inagona chaka chathunthu. Muuzeni wometa musanakhale pampando, chifukwa dzanja lake linazolowera kumalizira ndi lezala.

*Zoopsa:* Chlorhexidine asalowe m'maso kapena m'makutu. Benzoyl peroxide amaumitsa khungu ndipo amasasula mtundu wa matawulo ndi makolala. Choopsa chachikulu ndi kudalira njirayi yokha pamene chigamba chalumikizana kale, chifukwa siiphwetsa chilichonse. Palinso nkhani ya magazi: tiziphuphu timeneti timachekeka msanga, ndipo kafukufuku wa 2018 pa makina 50 a ometa ku Cape Town anapeza zizindikiro za magazi pa 42% ya makinawo ndi kachilombo ka hepatitis B pa 8%. HIV sanaipeze. Kwa munthu wa AKN, makina akeake si kunyada ayi.

Njira 2: Mankhwala opaka

Msana wa njirayi ndi steroid wamphamvu, clobetasol propionate wa 0.05% kapena betamethasone. Hydrocortisone wa 1% ndi wofooka pa khungu lokhuthala chotere. Kapakidwe kodziwika ndi kawiri patsiku kwa masabata awiri, kupuma masabata awiri, n'kubwereza mpaka masabata 8 mpaka 12. Muyeso wake: kirimu wofinyidwa kuchokera kunsonga ya chala cholozera mpaka pamfundo yoyamba ndi pafupifupi theka la galamu, ndipo amakwanira malo aakulu ngati zikhatho ziwiri. Nkhongo yambiri imafuna theka la muyeso umenewo. Pakani pa tiziphuphu penipeni, osati khosi lonse. Pakakhala timafinya, amawonjezera clindamycin wa 1% wopaka kawiri patsiku. Tretinoin wa 0.025% kapena adapalene wa 0.1% usiku amathandiza kufewetsa tiziphuphu ndi kutsegula timabowo.

*Mtengo:* Wotsika mpaka wapakati. Betamethasone ndi wotchipa. Clindamycin ndi tretinoin ndi odulirapo.

*Kupezeka:* Betamethasone ali m'zipatala zambiri za boma ndi za CHAM. Enawo kawirikawiri mudzagula nokha ndi kalata ya dokotala.

*Kusamalira:* Kuwerenga masiku opaka ndi opuma. Jambulani nkhongo ndi foni tsiku loyamba ndi masabata 4 alionse, pakuwala kofanana, chifukwa malo amene simuwaona n'kovuta kudziwa ngati akusintha. Pakatha masabata 8 popanda kusintha, musawonjezere chubu china, pitani ku njira yotsatira.

*Zoopsa:* Steroid wamphamvu wopakidwa miyezi osapuma amapyapyalitsa khungu lozungulira, amaliyeretsa, amabweretsa mizere yong'ambika ndi ziphuphu zatsopano. Clobetasol yemweyu ndi amene ali m'makirimu ambiri oyeretsa khungu ogulitsidwa pamsika, ndipo anthu amawagula kumeneko poona kutchipa. Vuto n'lakuti mphamvu ya zili m'chubu chapamsika siitsimikizika, ndipo makirimu osakaniza steroid, antibayotiki ndi mankhwala a chipere amabisa nthenda imene sinapimidwe. Tretinoin amawotcha masabata oyamba, choncho yambani katatu pasabata. Woyembekezera asamugwiritse ntchito.

Njira 3: Maantibayotiki akumwa

Doxycycline wa 100 mg, kamodzi kapena kawiri patsiku kwa masabata 6 mpaka 12, ndiye wodziwika. Pano ntchito yake yaikulu ndi kuchepetsa kutupa, n'chifukwa chake amamwedwa nthawi yaitali kuposa pa matenda ena. Chithupsa chotentha chodzadza mafinya chimafuna kutumbulidwa kuchipatala ndi cloxacillin wa masiku ochepa, makamaka atapima mafinyawo ngati labotale ilipo.

*Mtengo:* Wotsika.

*Kupezeka:* Doxycycline amapezeka pafupifupi m'chipatala chilichonse, ndipo kupezeka kwakeko ndi kumene kumachititsa kuti amwedwe mosayenera.

*Kusamalira:* Imwani ndi kapu yodzadza ya madzi ndipo musagone mpaka patapita mphindi 30, apo ayi piritsi limakakamira kummero n'kuwotcha. Mkaka, mapiritsi a iron ndi magnesium trisilicate zitalikirane naye maola 2 kapena 3. Pitirizani opaka aja nthawi yomweyo, kuti mukasiya mapiritsi pakhale chogwira.

*Zoopsa:* Nseru, kupsa ndi dzuwa, mauka kwa amayi. Sayenera kwa woyembekezera kapena mwana wosafika zaka 8. Saphwetsa chipsera cholimba, ndipo kumwa pang'ono, kusiya, kuyambanso, kumangolimbitsa mabakiteriya. Pa nthenda yokanika, mabuku a ku Ulaya amatchula rifampicin pamodzi ndi clindamycin, 300 mg aliyense kawiri patsiku kwa masabata 10. Kwathu kuno njira imeneyo ndi yoyenera kuiopa: rifampicin ndi mzati wa mankhwala a TB, ndipo kumumwa popanda anzake munthu ali ndi TB yosadziwika kumabala TB yosamva mankhwala. Amachepetsanso mphamvu ya dolutegravir, amene ali m'ma ARV a anthu ambiri, komanso ya mapiritsi olera ndi timitengo tapamkono. Mapiritsi a isotretinoin amathandiza ena a mafinya osatha, koma amapundula mwana m'mimba, amafuna kuyeza magazi, ndipo samwedwa pamodzi ndi doxycycline chifukwa awiriwa amakweza mphamvu ya madzi m'mutu.

Njira 4: Jakisoni wa triamcinolone m'chotupa

Pa tiziphuphu tolimba ndi chigamba chapakati, iyi ndi njira imene phindu lake limaposa mtengo wake. Kirimu salowa mokwanira m'chipsera. Jakisoni wa triamcinolone, amenenso ndi steroid, amaika mankhwala mkati mwenimweni. Pa tiziphuphu tating'ono amagwiritsa 10 mg pa mililita, pa chigamba chokhuthala amakweza kufika 20 kapena 40. Amabaya pang'onopang'ono, pafupifupi 0.1 ml pamalo amodzi, motalikirana sentimita imodzi, mpaka pamalopo patuwe. Madokotala ambiri sapitirira 40 mg paulendo umodzi. Amabwereza masabata 4 mpaka 6 alionse, maulendo 3 mpaka 6. Kuyabwa kumatha msanga, nthawi zambiri ndi jakisoni woyamba, kuphwa kumachedwerapo.

*Mtengo:* Wapakati. Botolo limodzi la 40 mg limakwanira ulendo umodzi pa nkhongo yambiri. Kuchipatala cha boma ntchitoyo ndi yaulere, koma mankhwala akasowa mudzauzidwa kukagula. Werengerani thiransipoti ya maulendo onse musanayambe.

*Kupezeka:* Makiliniki a khungu a zipatala zazikulu, Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, komanso University Teaching Hospital ku Lusaka. M'zipatala zina za m'maboma muli ma clinical officer ophunzira za khungu, ena mwa iwo ku Regional Dermatology Training Centre ku Moshi, Tanzania. Funsani tsiku la kiliniki ya khungu. Ku Britain mumadzera kwa GP, dokotala wanu wa nthawi zonse, kuti akutumizeni kwa dokotala wa khungu.

*Kusamalira:* Kusunga masiku. Jakisoni mmodzi kenako miyezi 5 osabwerera ndi kutaya ndalama, chifukwa chipsera chimalimbanso. Chikaphwa, ambiri amapitiriza ndi opaka apo ndi apo.

*Zoopsa:* Zimapweteka, chifukwa mankhwala akukankhidwa m'mnofu wolimba ngati chikopa chouma. Kusakaniza ndi lidocaine, mankhwala ochititsa dzanzi, kapena kuzizilitsa ndi ayezi kumathandiza. Luso la wobaya ndi limene limasiyanitsa zotsatira. Singano ikapyola chipsera n'kuthira mankhwala m'mafuta a pansi, pamatsala dzenje. Ikakhala pamwamba kwambiri, khungu limayera, ndipo pakhungu lakuda kuyerako kumaoneka patali, nthawi zina kumayenda ngati mizere. Kawirikawiri kumabwerera pakatha miyezi ingapo mpaka chaka. Sabaya pamene pali mafinya, pamayamba antibayotiki. Wodwala shuga ayeze shuga wake masiku otsatira, chifukwa amakwera. Ndipo jakisoni ameneyu wobayidwa m'thako, monga ena amachitira, sagwira ntchito yomweyi.

Njira 5: Kuzizilitsa chotupa ndi liquid nitrogen, madzi ozizira koopsa

*Mtengo:* Wapakati paulendo, ndipo maulendo amakhala angapo.

*Kupezeka:* Kochepa, madziwa amauluka msanga ndipo si kiliniki iliyonse imawasunga.

*Kusamalira:* Pamatuluka thuza, kenako bala la masabata 2 mpaka 4.

*Zoopsa:* Maselo opanga mtundu wa khungu amafa pa kuzizira kochepa, cha m'ma madigiri 5 pansi pa ziro, pamene madziwa ali pa 196 pansi pa ziro. Banga loyera ndi loyembekezeka, ndipo likhoza kukhala mpaka kalekale. Pakhungu lakuda phindu lake lenileni ndi kuzizilitsa pang'ono kuti chipsera chifewe jakisoni asanalowe.

Njira 6: Laser yochotsa tsitsi

Laser ndi makina opha mizu ya tsitsi ndi kuwala. Nzeru yake ndi yosavuta: pamene palibe tsitsi palibe choyambitsa kutupa. Mtundu woyenera khungu lakuda ndi long-pulsed Nd:YAG wa 1064 nm, chifukwa kuwala kwake kumapyola khungu la pamwamba osaliwotcha kwambiri. Pa kafukufuku wa ku Egypt wa 2012 wa odwala 16, maulendo 5 anachepetsa nthenda ndi pafupifupi 82%, ndipo tiziphuphu tinamva bwino kuposa zigamba zakale. Gululo linali laling'ono, koma zotsatira zake zikugwirizana ndi mmene nthendayi imayendera.

*Mtengo:* Wokwera, wolipira paulendo uliwonse, ndipo inshuwalansi zambiri zimaiwerengera ngati zodzikongoletsa.

*Kupezeka:* Makamaka zipatala zolipira za mizinda ngati Johannesburg, Cape Town ndi London. Kwa amene ali kumudzi ndi njira yovuta kuifikira, pokhapokha ngati amayenda kale kumeneko mwezi ndi mwezi.

*Kusamalira:* Maulendo 4 mpaka 6 otalikirana masabata 4 mpaka 6, mwinanso kubwereza pakapita chaka.

*Zoopsa:* Tsitsi la pamalopo limapita, kotero malire a tsitsi amakwera m'mwamba mpaka kalekale. Makina olakwika, monga IPL kapena alexandrite m'manja mwa wosazolowera khungu lakuda, amawotcha, ndipo kupsa pa nkhongo ya AKN kumabala chipsera china. Funsani dzina la makina ndi nambala 1064, ndipo ayese kaye pakamalo kakang'ono. Chotupa chachikulu laser imeneyi siichichotsa.

Njira 7: Opaleshoni

Chotupa chikafika potundumuka, chikununkha, chikudetsa pilo, mankhwala amangochepetsa mafinya kwa kanthawi. Apa kudula ndi kumene kumathetsa vuto, koma zonse zagona pa kuzama. Mizu ya timitolo tija imakhala pansi kwambiri, ndipo wodula ayenera kutsika mpaka m'mafuta a pansi pa khungu, kupyola mizu yonse. Kusenga chotupa pamwamba kuti chifanane ndi khungu kumasiya mizu, ndipo chimabwerera, nthawi zambiri chachikulu kuposa kale. Kadulidwe kabwino ndi kopingasa, kooneka ngati tsamba, ndipo m'mphepete mwa m'munsi muphatikize malire a tsitsi, kuti chipsera chidzakhale malire atsopano.

Bala limatsekedwa m'njira zitatu. Kusoka nthawi yomweyo kumayenera chotupa chopyapyala, chosaposa masentimita 2 kapena 3 kuchoka m'mwamba kutsika m'munsi. Limapola m'masabata awiri, koma likasokedwa mokoka, chipsera chimatambasuka ndipo kuwerama kumavuta. Kusiya bala lotseguka kuti lidzaze lokha ndi njira imene madokotala ambiri a khungu amakonda pa zotupa zazikulu: limaoneka loopsa masabata oyamba, koma limadzikoka lokha n'kusiya chipsera chophwatalala chocheperapo kuposa bala loyamba. Kumata khungu lochokera pantchafu kumafulumira, koma kumasiya chigamba chopanda tsitsi, cholowa mkati, cha mtundu wosiyana, kuwonjezera bala lachiwiri pantchafupo.

*Mtengo:* Kuchipatala cha boma ndi yaulere koma pali mzere wodikira. Kolipira ndi yodula. Onjezani gozi, pulasitala, Vaselini ndi masiku osagwira ntchito yolemetsa.

*Kupezeka:* Zipatala zazikulu ndi zina za mishoni zokhala ndi madokotala a opaleshoni. Zing'onozing'ono zimachitika ndi jakisoni wochititsa dzanzi. Zazikulu zimafuna kugonetsa. Funsani mafunso awiri: mudula mozama bwanji, ndipo bala mulitseka motani. Yankho likakhala losamveka, funani wina.

*Kusamalira:* Bala lotseguka limatenga masabata 6 mpaka 12. Tsiku lililonse limatsukidwa ndi saline (madzi amchere a kuchipatala) kapena madzi owiritsa ozizira, kupakidwa Vaselini wochindikala, ndi kumangidwa ndi gozi woyera. Sipiriti ndi hydrogen peroxide zimapha mnofu watsopano. Popeza kunkhongo simuonako, pafunika munthu wapakhomo wophunzitsidwa kumanga. Likapola, tiziphuphu tatsopano ta m'mbali tizimitsidwe msanga ndi opaka kapena jakisoni, ndipo mpala usabwerere.

*Zoopsa:* Khungu la mutu lili ndi mitsempha yambiri ya magazi, choncho kutaya magazi masiku awiri oyamba ndi koyenera kukonzekera. Nenani ngati mumamwa aspirin kapena warfarin, mankhwala ochedwetsa magazi kuundana. Shuga wosalamulirika ndi fodya zimachedwetsa kupola. Dzanzi kunkhongo likhoza kukhala miyezi. Tsitsi la pamalopo silibwerera. Amene ali ndi keloid yeniyeni pachifuwa kapena pakhutu anene, chifukwa iwo chipsera cha opaleshoni chikhoza kutupanso. Chochotsedwacho chitumizidwe kukapimidwa.

Kubzala tsitsi pachipsera, kumene kumatsatsidwa kwambiri pa intaneti, sikuchiza AKN. Pamalo otupa tsitsi lobzalidwalo limafa ngati linzake. Mphini, kumanga chotupa ndi ulusi ndi mankhwala owotcha khungu zimawonjezera bala pamalo amene vuto lake ndi kupanga chipsera mopyola muyeso.

Njira iti kwa yani

Mnyamata wa kusekondale kapena wa zaka za m'ma 20 wokhala ndi tiziphuphu tochepa toyabwa: njira 1 ndi 2 pamodzi, kwa masabata 8 mpaka 12. Apa ndi pamene tsitsi lingapulumuke lonse. Ngati sukulu kapena ntchito ya yunifolomu imalamula kumeta kwambiri, pemphani kalata kuchipatala yolola nambala 2 kunkhongo.

Wokhala ndi timafinya, magazi pakolala ndi kupweteka: onjezani doxycycline, ndipo jakisoni adikire mpaka mafinya atauma.

Wokhala ndi tiziphuphu tolimba kapena chigamba chosaposa utali wa chala, chimene sichinamve opaka: jakisoni wa triamcinolone, ngati mungakwanitse maulendo osachepera 3. Ngati mtunda sulola, pitirizani njira 1 ndi 2 mosamala kufikira nyengo imene mungathe kuyenda motsatizana, monga mukakolola, kusiyana ndi kubayitsa kamodzi n'kusiya.

Wokhala ku South Africa kapena ku Britain, tiziphuphu tikubwerabe ngakhale anasiya mpala, ndipo sadandaula kuti malire a tsitsi akwere: Nd:YAG, nthawi zambiri pamodzi ndi jakisoni.

Wokhala ndi chotupa chachikulu kapena timabowo ta mafinya ta zaka: opaleshoni yozama, atazimitsa kaye mafinya ndi antibayotiki, panyengo imene pali womanga bala kwa miyezi iwiri kapena itatu. Wa kabaza akonzekere kupuma ntchito, chifukwa chisoti sichivalika bala lisanatsekeke.

Wodwala shuga kapena BP, ndiponso wonenepa kwambiri: kafukufuku wapeza kuti matenda amenewa amayenda limodzi ndi AKN kawirikawiri, choncho aliyense wa nthendayi ayezetse shuga ndi BP, ndipo shuga akhazikike jakisoni kapena opaleshoni isanachitike. Womwa ma ARV anene mtundu wake kwa wolemba mankhwala aliyense. Amene ali pa mankhwala okhala ndi ritonavir achenjere kwambiri ndi triamcinolone, chifukwa ritonavir amachititsa kuti steroid achuluke m'magazi kwa masabata.

Mayi wokhala ndi chigamba kunkhongo: apimidwe kaye, chifukwa kwa amayi lichen simplex, psoriasis (nthenda ya zigamba zamamba) ndi kukoka kwa malukidwe othina ndi zofala kuposa AKN. Ngati ndi woyembekezera, njira 1 ndi steroid wopaka wochepa motsogozedwa ndi chipatala ndizo zotsala; doxycycline, tretinoin ndi isotretinoin zidikire.

Amene chipsera chake chinazirala, sichiyabwa, sichikula, ndipo sichimuvutitsa: palibe chomukakamiza kudula. Asunge tsitsi la pamwamba pake lalitali pang'ono kuti liphimbe, asambe ndi chlorhexidine kawiri kapena katatu pasabata, ndipo ajambule nkhongo miyezi 3 iliyonse kuti kaphuphu katsopano kakatuluka m'mbali akaone kakadali kamodzi.